Dzanjalimodzi ndi Masamba a Pamsewu

Ku Nsaru mukafunsa za Wyson Chikoti, anthu amayamba akanda kumutu, chifukwa dzina limenelo linatsala pa laisensi basi. Koma mungoti Dzanjalimodzi, ngakhale mayi wogulitsa tomato akulozerani pamene pamagona lole yake yobiriwira. Musaganize kuti munthuyu ndi wolumala. Manja Mulungu anam'patsa awiri, athunthu, ngati anzake onse. Kungoti lamanzere ndilo linkagwira chiwongolero ndi kusintha magiya, pomwe lamanja analikwatitsa ku foni, ndipo ukwati umenewo sunagwedezekepo. Posintha giya, bondo ndilo linkagwirizira chiwongolero.

Iye zimenezi ankazinyadira ngati digiri. Atakhala pa kireti pakhonde la sitolo, ankauza aliyense wofuna kumva kuti kuchoka pa Nsaru kukafika kumsika wa fodya ku Kanengo, msewu amauyang'ana kawiri kokha, potuluka ndi polowa pageti. "Zinazo lole imadziwa yokha," ankatero. Anthu ankaseka, ena chifukwa anali atawagulira chakumwa, ena chifukwa uchitsiru ukakhala wa mnzako umakoma kuonerera.

Anabadwira kwa Mtsukwa, mudzi umene msewu wafumbi wochokera ku Kabudula unaung'amba pakati, nyumba mbali ino, manda ndi madimba tsidya linalo. Bambo ake anamwalira iye akukwawa, ndipo mayi ake, a Zelifa Nambewe, anamulera ndi mtedza komanso kamunda ka fodya. Sukulu anaithawa ali fomu thu n'kuyamba kukweza mabelo a fodya pa malole a eni ake. Chilungamo tinene, pantchito sanali waulesi. Anaphunzira chiwongolero, anapirira, mpaka anagula lole yakeyake, yakale koma yamphamvu. Anamanga nyumba yamalata pa Nsaru n'kukwatira Loyce, mkazi wofatsa amene anazolowera kucheza ndi paliwombo pa mwamuna wake, pakuti nkhope inkakhala ili pa foni.

Matendawa anakula m'zaka zimene mafoni osisita ndi chala anafika m'thumba la aliyense. Wyson anatsegula gulu pa Watsapu, n'kulitcha Ana a kwa Mtsukwa, n'kudziika yekha kukhala mkulu wake. Kuyambira pamenepo, kumudzi kukagwa zovuta, woyamba kulira anali iye. Munthu akangotsirizika, eni mbumba asanakhale pansi n'komwe kuti atume mithenga, uthenga wa Wyson unali utafika kale mpaka kwa ana a mudziwo okhala ku Joni: "Tataya munthu. Mzimu wawo uuse mumtendere." Pansi pake ankaikapo kachithunzi ka kandulo ndi timanja topemphera titatu. Ambiri mwa mauthenga amenewa ankawalemba lole ikuthamanga, mabelo ali pamsana.

Koma kafunseni adzukulu, abambo okumba manda kwa Mtsukwa, ngati anamuonapo Wyson atagwira fosholo. Kafunseni ngati anagonapo pa siwa, kulumidwa ndi udzudzu pamodzi ndi anzake. Ngakhale kunyamula nkhuni imodzi yokha! Maliro onse a m'mudzimo iye ankawalira ndi chala chachikulu.

A Zelifa anali munthu wina. Anali a Chigwirizano, amayi a mpingo aja ovala bulauzi yoyera ndi duku loyera, ndipo panalibe maliro m'midzi yozungulira amene iwo sanafikepo, ngakhale miyendo itayamba kutupa. Tsiku lina Wyson anawapatukira ndi kapaketi ka shuga, injini osazimitsa.

"Wyson, tazimitsa kaye galimotoyo," anatero mayiwo.

"Ndikuthamangira, amayi. Nenani, ndikumva."

"Ukumva ndi chiyani, maso ali pa foni? Maliro n'kulirana, mwana wanga. Anthu akukuona."

"Aa, amayi! Kodi amene amalengeza maliro onse m'mudzi muno ndani? Si ine?"

"Ine sindikufuna zambiri. Shugayu ndathokoza. Koma tsiku langa likadzafika, udzandiperekeze ndi mapazi ako, kumbuyo kwa bokosi, mpaka udzaponye dothi ndi dzanja lako. Ndinabereka iwe wekha. Ndisadzapite ngati munthu wopanda mwana."

"Inu amayi, mudzapita pa lole yanga, titaikongoletsa ndi nsalu. Anthu adzajambula!"

Mayiwo anangopukusa mutu. Komabe tisamunamizire, Wyson mayi ake ankawakonda, mwa kakondedwe kake komweko. Pa zinthu zonse za pansi pano, chimodzi chokha chimene sankachikayikira chinali chakuti tsiku limenelo iye adzayenda kumbuyo kwa bokosi lawo, mwana mmodzi yekhayo, anthu onse akuona.

Boma linali ndi lamulo lake loti dalaivala asagwire foni galimoto ikuyenda, ndipo nyengo ina apolisi apamsewu analimbika nalo kwambiri pamsewu wa ku Mchinji. Wyson anagwidwa pafupi ndi Chitedze, foni ili m'manja, uthenga uli pakatikati. Munthu wanzeru akanatolapo phunziro. Wyson anatolapo luso. Anasiya kuikweza foni pa chiwongolero n'kuyamba kuiika pantchafu, kunsi kwa windo, kumene wapolisi sangaione. Ndiye kuti tsopano ankayenda mutu uli chowerama ulendo wonse, moti nkhalamba ina ku Mpingu inafika poyamikira kuti dalaivala wa lole yobiriwira uja ndi munthu wopemphera.

"Lamulo limenelo analembera ophunzira kumene," ankatero pa kireti paja. Ndipo madalaivala anzake angapo, poona kuti nzeru ya pantchafu ikuthandiza, anaitengera.

Komatu msewu wafumbi uli ndi lamulo lake, lakale kuposa la boma, losalembedwa pena paliponse. Pamudzi pakagwa maliro, anthu amadula nthambi zamasamba n'kuziyala mopingasa msewu, kumtunda ndi kumunsi. Wapanjinga amatsika, wachipewa amavula, wagalimoto amachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi. Palibe wapolisi amene amaima pamenepo. Masambawo amangopempha chinthu chimodzi chokha, kuti munthu akhale ndi maso.

Msika wa fodya uli mkati, kunamwalira a Joel, msuweni wa a Zelifa. Iwowa anabadwira kwa Mtsukwa koma anakakwatira ku Mpingu, n'kukhala chikamwini komweko mpaka kumera imvi. Wyson, monga mwa nthawi zonse, ndiye anayamba kulengeza, kandulo ndi timanja tonse. Koma anali munthu wolemba, osati wowerenga. Zimene ena analemba pambuyo pake, zoti abale apita kukatenga thupi, iye sanazione. Ndipo akanakhala wofika pamaliro sakanafunikira n'kuuzidwa komwe, chifukwa ngakhale mwana kwa Mtsukwa amadziwa kuti mkamwini akamwalira amabwerera kukagona kwawo. Wyson m'mutu mwake maliro anali ku Mpingu, kutali ndi njira zake.

Tsiku loika, iye anapakira mabelo ku Kabudula. Anzake anamutsina khutu kuti pamsewu wa tala paima apolisi, choncho anasankha njira yafumbi yodutsa kwawo, osaganiza n'komwe zoima. Ali pakati pa ulendo anakumbukira kuti sanapereke chifukwa chimene sakuonekera pamaliro a msuweni wa mayi ake. Anatsitsa mutu, chala n'kuyamba ntchito: "Pepani anamfedwa nonse. Ine ndili pamzere ku Kanengo kuyambira dzulo, koma mtima wanga uli nanu." Anali akusankha pakati pa kankhope kolira ndi timanja topemphera pamene matayala akutsogolo anaponda masamba. Anamva kuti khwee pansi, n'kuganiza kuti ndi mapesi. Anadina potumiza, kenako ndiye anadzutsa mutu.

Msewu wonse unali mbuu! Amayi a Chigwirizano anali akuwoloka, nyimbo ili pakamwa, ndipo kumbuyo kwawo kunali bokosi pamapewa a abambo. Wyson anaponda buleki ndi mphamvu zake zonse. Lole inalira, inakhuluzika cham'mbali, amayi anabalalika, nyimbo inaduka. Onyamula bokosi anadumphira m'ngalande, wina uku wina uko, ndipo a Joel, munthu amene moyo wake wonse sanakanganepo ndi aliyense, anagwa pansi kuti khu! Ngodya ya bokosi inang'ambika. Lole inaima pamene bokosilo linali kamphindi kapitako, fumbi lofiira n'kumatsikira pang'onopang'ono pa mabulauzi oyera aja.

Panalibe wovulala kwenikweni, kupatula mawondo onyuka. Kenako m'matumba mwa anthu mafoni anayamba kulira, apa tii, apo tii. A Davide, mkulu wa adzukulu, bambo wamfupi wosakonda kukweza mawu, anatulutsa yawo, anaitalikitsa ndi maso, n'kuwerenga mokweza, liwu ndi liwu, mpaka pa "mtima wanga uli nanu."

"Akuti ali ku Kanengo," anatero, akuyang'ana anthu. "Ndiye amene ali mu loleyu ndi mzukwa, eti?"

Ena magazi anali atawira kale, ndipo akanamutsitsa ndi makofi. Chinawaletsa ndi a Zelifa. Mayiwo anali atakhala m'fumbi m'mphepete mwa msewu, duku litagwa, imvi zili poyera. Mwana wawo sanamuyang'ane. Anatola duku, analikuntha, anamanga, anadzuka movutikira, n'kuyambanso nyimbo ija pamene inadukira. Amayi anzawo anaivomera, abambo ananyamulanso bokosi, ndipo onse anawoloka molambalala lole ngati chitsa.

Mlandu unakambidwa, ndipo Wyson anapepesa ndi mbuzi. Anaipereka msangamsanga, ngati munthu wofuna risiti. Sabata isanathe anali atabwerera pa kireti yake ku Nsaru, nkhani ataitembenuza kale. "Akanakhala dalaivala wina, bwenzi pali maliro khumi," ankatero. "Buleki yanga ndi imene inapulumutsa mudzi." Munthu wopanda manyazi amagona tulo tokoma ndithu.

Koma kwa mayi ake kunalibe kireti. Anawapeza akusenda mtedza pakhonde, ndipo ulendo uno injini anazimitsa.

"Zija ndinakupempha zija," anatero a Zelifa, maso ali pa lichero, "usavutike nazo."

"Amayi, mbuzi ndinapereka. Nkhani inatha."

"Mbuziyo ndi ya a Joel. Ine ndaona m'mene umaperekezera anthu."

Mawu amenewo anamulasa, ndipo anam'pweteka zenizeni. Anatuluka pakhomopo atatsimikiza mtima kuti adzawaonetsa. Koma taonani m'mene anakonzekera. Anapentetsanso lole. Anagula nsalu yoyera yaitali n'kuisunga m'sutukesi. Pa maliro awiri otsatira anafikadi, n'kukakhala kumbuyo kwenikweni pansi pa mtengo, mutu chowerama, foni pantchafu. Foni pa chiwongolero sanaisiye ngakhale tsiku limodzi, chifukwa kwa iye cholakwa chinali cha a Joel, amene anakagona kumene iye sankayembekezera.

A Zelifa anamwalira chaka chotsatira, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Loyce ndiye anali nawo, atawasamalira masabata angapo. Anayesa kumuimbira mwamuna wake, koma foni inali yotanganidwa. Choncho Wyson imfa ya mayi ake anaimva mmene ena onse ankaimvera kwa iye, pa gulu lija, ali pa liwiro, kandulo ndi timanja zili pansi pake. Wina anali atamuphangira. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anaimika lole pambali kuti awerenge bwino.

Anthu anabwera ngati kumsonkhano. Midzi yonse imene mayiwo anailirira inabwera kudzabweza, ndipo adzukulu anakumba osadandaula. Mudzi sunafune kulanga mayi chifukwa cha mwana. M'mawa wa tsiku loika, Wyson anafika ndi lole yotsukidwa, nsalu yoyera atakulunga m'mbali monse, iye ali mu jekete yakuda. Anaiimika pakhomo penipeni pa siwa kuti aliyense aione.

A Davide anamuyandikira, chikwanje chili m'manja.

"Pepani ndi zovutazi, a Chikoti. Loleyi kaiimikeni kuseri kwa nkhokwe. Manda ndi apa tsidyali, Nambewe apita pamapewa."

"Chabwino. Ndiyenda wapansi kumbuyo kwa bokosi."

"Ayi, inu ntchito yanu ilipo ina." Anamupatsa chikwanje chija. "Kuyambira tsiku lija amayi amauopa msewuwu. Mukadule masamba, mukayale, ndipo mukaime pomwepo mpaka womaliza atabwerako kumanda. Munthu wodziwa madalaivala m'mudzi muno ndinu."

"A Davide, amenewa ndi mayi anga. Mwana ndine ndekha!"

"Tikudziwa, bambo. Si ife tagamula. Ananena okha asanatsirizike. Akuti, Wyson asadzavutike kuyenda, adzalondere msewu kuti anzanga adzawoloke bwino. Kodi ndikunama, mayi?"

Anatembenukira kwa Loyce, amene anali ataima pakhomo, maso ofiira. Loyce anayang'ana mwamuna wake kumaso, mwina kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri osapeza liwombo, n'kugwedeza mutu kuvomereza.

Mawu a malemu sapikisidwa. Wyson anapita kuthengo ndi jekete yake yakuda, n'kuyamba kudula nthambi mosadziwa, chikwanje chikumuterereka. Anazikokera kumsewu, anayala kumtunda, anayala kumunsi, n'kuima pakati padzuwa. Ulaliki anaumva chapatali, mawu ena akufika, ena akupita ndi mphepo. Wapanjinga wina anatsika n'kuvula chipewa, ndipo Wyson anadabwa kuona kuti kanthu kakang'ono kotero kangakhudze mtima chomwecho.

Nyimbo itayamba kuyandikira, amayi oyera aja atatulukira pakati pa nyumba, kumtunda kunamveka injini. Inali lole ya Mike, mnzake wa pa kireti, itasenza matumba a chimanga. Kupyolera pagalasi, Wyson anaona mutu wa Mike uli chowerama, ndipo kwa kamphindi mtima wake unafewa, poganiza kuti mnzake waona masamba ndipo akupereka ulemu. Chitsiru! Kaweramidwe kameneko anakayambitsa ndani? Lole sinachepetse liwiro ngakhale pang'ono.

Wyson anathamangira pakati pa msewu, akukupiza manja, akukuwa dzina la mnzake. A Davide anatambasula mkono kuimitsa amayi m'mphepete. Lole inabwerabe, Wyson anadumphira m'ngalande momwe muja munadumphira onyamula bokosi la a Joel, ndipo masamba ake anamwazika ngati nthenga. Mike anadutsa osadzutsa mutu, moti mpaka lero mwina sadziwa kuti anadutsa pamaliro. Fumbi lofiira linatsikira pa bokosi la a Zelifa.

Anthu onse anangomuyang'ana Wyson, n'kudikira. Iye anatuluka m'ngalandemo, jekete itang'ambika pachigongono, n'kuyamba kukokanso nthambi zija imodziimodzi, mudzi wonse ukuonerera. Atamaliza, a Davide anatsitsa mkono ndipo nyimbo inayambanso.

Bokosi linamudutsa pafupi, moti akanatha kulikhudza. Kumbuyo kwake, pamalo amene mwana amayenda, panali Loyce, atagwiriziridwa ndi amayi awiri. Wyson ananyamula phazi kuti atsatire, koma kumunsi kunamveka njinga yamoto ikubwera, ndipo a Davide anangomucheukira kamodzi. Phazilo linabwerera pamene linali.

Anatsala yekha pamsewu. Gulu linalowa m'mitengo ya kumanda, ndipo iye ankangomva. Anamva mawu a abusa, anamva kulira kwa amayi kukukwera pamene bokosi limatsitsidwa. Kenako kunakhala kachetechete kaja kamene ngakhale iye, wosafika pamaliro, anakazindikira, ka nthawi imene amaitana achibale kuti aponye dothi. Misozi inatsika, yeniyeni, yopanda kachithunzi, ndipo panalibe woiona.

M'thumba mwake foni inanjenjemera. Munthu wina aliyense akanaisiya. Koma uyu anali Dzanjalimodzi, ndipo dzanja linapita lokha. Uthengawo unali wa Mike: "Pepani achimwene, ndangomva kumene. Ine ndili kutali, koma mtima wanga uli nanu." Pansi pake panali timanja topemphera titatu.

Kumanda kunamveka mdidi woyamba wa dothi pa bokosi. Dzanja lamanja la Wyson, lija mayi ake anapempha kuti lidzaponye dothilo, linali litagwira foni.